Mphuno ya Tata Velile

Tata Velile sankalandira kabokosi ka chakudya asanakanunkhize. Ena amatchuka ndi ndevu, ena ndi mawu oimbira, ena ndi ukali. Iwo m'lokeshoni mwathu muno, kumapeto kwa mzinda wa Bhayi kuno, anatchuka ndi mphuno. Sinali yaikulu ayi. Inali mphuno wamba, yopendekera pang'ono kumanzere ngati ikumvetsera za kwa aneba. Koma inagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamalo a khonsolo aja a kuseri kwa siteji ya minibasi, pomwe timakasiya zinthu zoti zikakonzedwenso, ndipo palibe khitchini m'lokeshoni muno yomwe sinadutse m'mphuno imeneyo.

Pamalopo chilichonse chili ndi gawo lake: mabotolo uko, zitini uko, makatoni pansi pa kadenga. Gawo la Tata Velile linali la thovu. Tikunena timabokosi toyera topepuka tija amatiikiramo tchipisi ndi nyama yootcha, timbale ta ku butchala, makapu a tiyi wa pamaliro, ndi zithovu zolimba zomwe amakutira mafiriji atsopano. Lamulo la pachikwangwani linali lalifupi: bweretsani zotsuka ndi zouma. Lole ya ku fakitale ikapeza mafuta m'thumba limodzi inkasiya thumba lonselo, ndipo Tata Velile ankati thumba losiyidwa limawayang'ana ngati mwana wolephera mayeso.

Kumayiko akunja komwe ena a ife tinakataya zaka zathu, ntchito yotere imagwiridwa ndi makina, ndipo makinawo akakana chinthu chako amangolira kamodzi osakuuza chifukwa. Tata Velile ankakuuza chifukwa, tsiku, ndi dzina la wophika, mokweza, mzere wonse ukumva. Ankatsegula kabokosi ndi zala ziwiri, n'kutseka maso, n'kukoka mpweya katatu. Koyamba kunali kwa chakudya, kachiwiri kwa manja omwe anaphika, kachitatu kwa wodyayo.

Sabata ina ya kusala kudya, Dikoni Gqoza anabwera ndi timabokosi titatu n'kunena kuti atola pamsewu chifukwa chokonda ukhondo. Tata Velile anakoka mpweya.

"Soseji ndi tchipisi. Viniga wambiri. Dzulo masana."

"Achinyamata a masiku ano, Tata," anatero a Dikoni, akupukusa mutu mwachisoni.

Tata Velile anakoka kachitatu. "Wachinyamata ameneyu amapaka mankhwala a nyamakazi m'mawondo, ndipo asanadye anagwira buku la nyimbo."

A Dikoni anayamba kufotokoza kuti woyesa uja amayendanso masana, koma anapezeka kuti timabokosi tija tabwerera kale m'manja mwawo. "Katsukeni, Dikoni. Machimo si gawo langa. Langa ndi mafuta."

Mzere wonse unkaseka zoterezi, kupatula munthu mmodzi. Sisi Ndileka, mayi wamasiye wa nyumba yobiriwira ya pakona, mlembi wa amayi a manyano, aja a mabulauzi ofiira omwe amakumana Lachinayi, ankaima pamzerepo chikwama atachikumbatira pachifuwa, nkhope ili ngati ya munthu wodikira zotsatira za magazi.

Sisi Ndileka anali ndi dzina loti aliteteze. Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse, mapemphero akatha, amayi ankadya ulusu wa Sisi Ndileka: chifu cha ng'ombe chophika mpaka kufewa ngati nthochi yakupsa, msuzi wake wachikasu wonunkhira mpaka pamsewu. Tsiku limenelo abusa ankapeza chifukwa chodutsira pa holo. Akazi ongokwatiwa kumene ankauzidwa ndi apongozi awo kuti akaphunzire kwa Ndileka. Vuto linali limodzi lokha: Sisi Ndileka anali asanaphikepo ulusu chibadwire. Ngakhale kudya sankadya. Fungo la chifu chachiwisi linkawatembenuza m'mimba.

Zinayamba ndi ngozi. Chaka china, pomwe linali gawo lawo lophikira amayi, nkhuku inapserera iwo akusita bulauzi. Anathamangira ku Korsten, kutali komwe sakanakumana ndi wowadziwa, n'kugula timabokosi tisanu ndi kamodzi ta ulusu pa kasitolo ka Anti Galiema. Anakhuthulira mumphika wawo wa miyendo itatu n'kutenthetsa. Ankayesa amayi adya, apukuta pakamwa, aiwala. Sanaiwale. Mayi busa anagwetsa misozi, n'kupempha kuti mwezi wamawa zikhalenso chimodzimodzi. Bodza lili ngati nkhuku ya mnzako: ukaiwazira chimanga kamodzi, mawa ili pakhomo ndi anapiye.

Aneba awo, MaMpinga, omwe nawonso ankadziona kuti mphika amaudziwa, anayamba kudabwa mokweza. Ulusu umakhala pamoto maola anayi, nanga bwanji kuseri kwa mpanda sikumveka fungo? Choncho Sisi Ndileka anayamba kugula kachidutswa ka chifu chachiwisi, kukawiritsa mawindo ali chitsegulire, iwo atadzitsekera kubafa thaulo lili kumphuno, kenako n'kukapatsa galu. Galu ameneyo ananenepa, ndipo ndi yekhayo amene ankadziwa kaphikidwe kenikeni ka Ndileka.

Koma nanga timabokosi tija? Mphika sakanakwera nawo minibasi, chifukwa aliyense ankaudziwa ndi mwendo wake wowotcherera. Atayesa kutiwotcha, utsi wakuda unaitana MaMpinga pampanda. Atayesa kutikwirira, anaphunzira kuti thovu siliwola. Mvula yoyamba inatifukula tili mbee ngati mano. Kutiponya m'bini ndiye kunali kudziitanira mlandu, chifukwa m'mawa wa tsiku la zinyalala Tata Velile ankayenda msewu ndi msewu akugwedeza matumba. Thumba likalira kuti kwichikwichi, ankatulutsa kabokosiko, kukanunkhiza, n'kukabweza pakhomo pa mwini wake akulengeza zomwe munali. Thovu lililonse m'lokeshoni linkathera pamphuno pawo. Njira inali imodzi: kupita nalo wekha, lotsuka, n'kupemphera.

Lachisanu loyamba kupita nato kumeneko Sisi Ndileka anatitsuka kasanu ndi kawiri, sopo, jiki, ndimu, sopo kachiwiri, n'kutiyanika kuchipinda chogona makatani atatseka. Pamzere anauza anthu, asanafunsidwe n'komwe, kuti amaikamo ulusu wopatsa odwala. Tata Velile anatsegula kamodzi, anatseka maso, anakoka katatu. Kenako anachita chomwe anali asanachitepo: anakoka kachinayi. Anawerama n'kulankhula chapansipansi.

"Manja omwe anaphika izi amadzola mafuta a maluwa, Sisi."

Anatsegula maso n'kuyang'ana manja a Sisi Ndileka, omwe ankanunkha jiki mpaka m'zigongono. Mayiyo anadikira kuti liwu lija likwere monga mwa nthawi zonse, limveke mpaka pasiteji, limveke kwa MaMpinga omwe anali achinayi pamzere atatcherera khutu ngati mbale ya TV ya padenga.

"Zotsuka bwino," anatero Tata Velile mokweza. "Wotsatira."

Zinapitirira choncho zaka khumi ndi chimodzi. Mwezi uliwonse bamboyo ankawerama, n'kunong'oneza kanthu kamodzi kapena tiwiri, ngati akuyamikira wophika weniweni.

"Mwezi uno chikasu mwawonjezera, Sisi. Masupuni awiri pa kilo. Mwachita bwino."

"Tata, tangolandirani."

"Ndipo chifu munachitsuka kawiri, koyamba ndi viniga, kachiwiri ndi ndimu. Ambiri amalekera pa viniga."

"Anthu akudikira, Tata."

"Adikire. Sinamoni ndi wa khungwa, osati wa ufa."

Mzere, poona munthu wokuwa akunong'ona, unagamula kuti Tata Velile akufunsira. Ena ankafunsa kuti ng'ombe za malowolo zikalowa liti. Sisi Ndileka sankamva chibwenzi m'mawu amenewo. Ankamva mphaka akusewera ndi mbewa. Ankabwerera kunyumba n'kusesa pabwalo mwaukali mpaka fumbi kukwera, akubwereza pakati pa mano kuti sinamoni wa khungwa, sinamoni wa khungwa, munthu wamkulu ngati iye alibe manyazi. Mwezi wotsatira zinkakhala za anyezi wokazinga mpaka kufiira koma osapsa. Wina, za jinja ndi adyo zosinja limodzi. Wina, za nyemba zoyera zolowa ola lomaliza, ndi supuni ya jamu wa maapurikoti mphika ukamatsika. Tsiku lina anangoti fungo la maola anayi pa moto wochepa ndi losiyana ndi la maola atatu, ndipo aliyense wonena kuti n'chimodzimodzi ndi wakuba.

Chaka china Sisi Ndileka anamva kuti Tata Velile agwidwa ndi chimfine chachikulu. Anathokoza Mulungu, n'kuthamangirako ndi timabokosi tawo. Anawapeza atavala majuzi awiri, mphuno ili psuu. Bamboyo anakoka katatu, sipanalowe kanthu.

"Lero sindikumva, Sisi," anatero mwaulemu. "Mubwere nato Lolemba."

Mdani weniweni wa Tata Velile sanali mafuta ayi, inali mphepo. Mphepo ya ku Bhayi sitifotokozerana. Imakuvula chipewa n'kukaveka wina. Tsono ganizani munthu amene katundu wake yense ndi wopepuka kuposa nthenga. Tata Velile anali ndi ukonde womwe anapempha kwa msodzi wina n'kuumangirira pamtengo wa tsache, ndipo kabokosi kakangonyamuka ankakathamangitsa ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, akukatchula mayina omwe dikoni sangawabwereze. A kuchipatala anawaletsa mchere, mafuta ndi kuthamanga, chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Ziwiri zoyambazo anamvera.

Tsiku lina munthu anabweretsa chithovu chokutira firiji ya zitseko ziwiri, chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Tata Velile anachinyamula pamutu kuti akachiike kuseri, ndipo mphepo inawaona. Oyendetsa minibasi amalumbira mpaka lero kuti mapazi awo anachoka pansi, kuti anadutsa pamwamba pa mpanda akupalasa miyendo, ndipo kuti podutsa pamwamba pa amayi ootcha mitu ya nkhosa anakuwa kuti wachiwiri kuchokera kumanzere ukupserera. Zoona zake n'zakuti anasowa theka la ola, n'kubwerera pa minibasi, chithovucho chili pampando wakewake wa pawindo. Kondakitala atadandaula kuti achiike pamiyendo, anamuyankha kuti katundu wa khonsolo sakhala pamiyendo pa munthu.

Ankanyadira komwe thovu lawo limapita. Ku fakitale amalisungunula n'kupanga mafelemu a zithunzi, ndipo kwa Tata Velile felemu iliyonse inali mwana wawo amene anakaphunzira n'kubwera atavala tayi. Atapita kukacheza kwa abusa anachotsa pakhoma chithunzi cha ukwati wa abusawo, kuchinunkhiza m'mphepete, n'kugwedeza mutu. Anati ameneyu anadutsa m'manja mwawo: nsomba ya pa Isitala, ya kwa MaMpinga, yosatsuka bwino pakona, koma anaikhululukira chifukwa inali nyengo ya kukhululuka. Mayi busa akuti kuyambira tsiku limenelo sanayang'anenso chithunzi cha ukwati wawo osamva njala.

Linali Lachiwiri la mu Ogasiti, mwezi womwe mphepo imabwera ndi abale ake. Kapu ya tiyi inanyamuka patebulo, Tata Velile anaithamangitsa kuzungulira gawo la mabotolo kawiri, anaigwira, n'kukakhala pathumba lodzaza kuti apume. Mayi wa ku mabotolo anawasiya kwa kanthawi, akuyesa akupumadi. Atapita kukawagwedeza anapeza kuti apumula zenizeni. Kapu ija inali muukonde.

Mwana wawo wamkazi, Zukiswa, anapeza katoni pansi pa bedi. Munali zivindikiro za timabokosi, chilichonse cholembedwa ndi msomali, ndipo zonse pamodzi zinali dongosolo la maliro awo. Anaziwerenga pamaso pa abale ndi amayi a manyano omwe anabwera kudzakhuza. Chimodzi chinatchula nyimbo. China chinati Dikoni Gqoza alankhule, koma asakhudze za kusala kudya. China chinati tenti aimange ndi zingwe zinayi mbali iliyonse, chifukwa mdani adzabwera kudzaonetsetsa. Ndipo china chinati: ulusu aphike Sisi Ndileka, pabwalo panga, ndi manja awo.

Amayi onse anati ameni. MaMpinga anati ameni mokweza kuposa onse, maso ali pa aneba awo.

M'mawa mwake Sisi Ndileka anali pa minibasi yoyamba ya ku Korsten, osadziwa n'komwe kuti ulusu wa anthu mazana atatu akaubisa m'chikwama chotani. Panalibe chifukwa chovutikira. Pachitseko cha kasitolo panali pepala: Anti Galiema apita ku Cape Town, mwana wawo wachira, atsegula mwezi wamawa. Anaima pamenepo akuwerenga pepalalo kangapo, ngati lingasinthe maganizo. Pobwerera anali atagamula kuti bamboyo anasunga chinsinsi zaka zonsezi kuti adzachiphulitse tsiku lomwe sangamuyankhe.

Anapeza Zukiswa akuwadikira pageti ndi kabokosi kamodzi komanga ndi mphira, dzina lawo lili pamwamba. Mtsikanayo anati Tata analemba kuti kameneka asakatsegule wina aliyense. Sisi Ndileka analowa m'nyumba, anakhoma chitseko, n'kukatsegula. Munalibe kanthu. Mkati mwa chivindikiro munali mizere iwiri ya msomali: Musaope, Sisi. Zonse ndinakuuzani kale pamzere.

Poyamba anafuna kukathyola. Kenako anakhala pampando wa kukhitchini, n'kumva pakamwa pawo pakuyamba pokha, ngati nyimbo ya ubwana: viniga kaye, kenako ndimu. Anyezi afiire koma asapse. Jinja ndi adyo limodzi. Masupuni awiri pa kilo. Wa khungwa, osati wa ufa. Mawu aliwonse omwe anawasesera pabwalo mwaukali zaka khumi ndi chimodzi anali m'mutu, pamalo pake, mwandondomeko. Ankayesa mphaka, osadziwa kuti anali m'kalasi.

Loweruka m'mamawa anafika pabwalo pa malemu atamanga duku wachiwiri kumphuno, n'kunena kuti utsi umawapweteka. Miphika itatu ikuluikulu inali kale pamoto, mabeseni a chifu ali pambali, amayi a manyano ali ndi mipeni yawo kudikira kulamulidwa. MaMpinga sanatenge mpeni. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mphika wapakati, manja atapinda, n'kunena kuti iwo abwera kudzaphunzira.

Sisi Ndileka anayamba kulamula ndi mawu otsika, koma pofika pa anyezi mawuwo anali atalimba, ndipo pofika pa chikasu anali akukalipira mayi busa kuti supuni yake ndi yamantha. Anthu atanyamuka ulendo wa kumanda, fungo linawatsatira mpaka pamsewu waukulu. Linali lomwelo, la Lachinayi loyamba, ndipo ngakhale kuseri kwa duku Sisi Ndileka analizindikira. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo ulusu unkanunkhira kuchokera m'manja mwawo.

Nyemba zitalowa, MaMpinga anadzuka n'kutambasula dzanja lili ndi paketi. "Mchere, Ndileka. Sindinakuone ukuthira."

Sisi Ndileka anafufuza m'mutu Lachisanu ndi Lachisanu, chaka ndi chaka. Anapeza jinja, anapeza jamu, anapeza chimfine chija. Mchere sanaupeze. Munthu amene ankadziwa kusiyanitsa maola atatu ndi anayi sakanaiwala chinthu chachikulu chotero. Ngati sanautchule, ndiye kuti mulibe. Kulawa sakanalawa, pakamwa panali potseka ndi duku.

"Mu ulusu wanga simulowa mchere," anatero, mutu uli m'mwamba.

MaMpinga anabweza paketi m'thumba la epuloni n'kukhalanso pansi pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapatsidwa mphatso ndipo akufuna kukaitsegulira pagulu.

Anthu anabwera kuchokera kumanda, anasamba m'manja m'mabeseni a pageti, n'kulandira aliyense kabokosi kake koyera: ulusu, mpunga, ndi chibenthu cha buledi wophika pa nthunzi. Anakhala mu tenti ya zingwe zinayi mbali iliyonse, yomwe inali ikulimbana kale ndi mdani. Masupuni mazana atatu anakwera pafupifupi nthawi imodzi. Kenako munagwa bata lomwe ngakhale kumanda kunalibe. Nsagwada zinkayenda pang'onopang'ono. Anthu ankanunkhiza kabokosi, kulawa, kununkhizanso, ngati mphuno ndi lilime zayambana. Abusa anayang'ana kumwamba.

Sisi Ndileka anatsitsa duku, anatenga supuni, n'kulawa ulusu koyamba chibadwire. Unali wofewa, wonunkhira ngati paradizo, ndipo mkamwa unali ngati nsalu yoviika m'madzi ofunda. Pomwepo chinthu chinawalira m'mutu. Mchere sununkha. Bamboyo anawapatsa chilichonse chomwe mphuno ingapereke, ndipo mphuno inalekera pamenepo.

MaMpinga anaimirira. Anayembekezera tsiku limeneli zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mawu anali okonzeka: munthu amene wakhala akutidyetsa ulusu wamchere mwezi ndi mwezi angati bwanji mu ulusu wake simulowa mchere? Anatsegula pakamwa. Maso awo anagwera patebulo la kutsogolo, pomwe panali chithunzi cha malemu mu felemu yoyera, mphuno itapendekera kumanzere, kumene iwo anaima. Anakumbukira nsomba ya pa Isitala yomwe inakhululukidwa.

"Abale," anatero, "Tata anakhala zaka zisanu ndi zinayi osalawa mchere. Ndileka wati lero tidye monga ankadyera iwo."

Mu tenti munamveka kubuula kwa chisoni. Mayi busa analira monga analirira tsiku loyamba lija. Dikoni Gqoza anati aka n'koyamba kuona ulaliki wophikidwa mumphika. Aliyense anadya mwaulemu, mitu ili pansi, pomwe paketi ya m'thumba la MaMpinga inkayenda pansi pa mipando kuchoka dzanja ili kupita ilo, ngati chopereka chobwerera.

Atatha kudya panachitika chinthu chomwe sichinali pa chivindikiro chilichonse. Pamaliro ena timabokosi timatsala mbwee pabwalo, agalu ndi mphepo n'kugawana. Apa munthu woyamba anaimirira ndi kake m'manja, anayang'ana uku ndi uku, n'kupita ku mabeseni a pageti aja. Wachiwiri anatsatira. Posakhalitsa panali mzere wa anthu a masuti ndi zipewa zakuda kutuluka geti mpaka pakona, aliyense akupukuta mafuta m'makona ndi chala, ena akununkhiza okha mwamanyazi asanakaike padzuwa atakapsinja ndi mwala.

Sisi Ndileka ndi MaMpinga anapezeka pa beseni limodzi. Anatsuka kwa kanthawi osayang'anana.

"Zaka zonsezi, mnzanga," anatero MaMpinga chapansipansi, "mchere ankakuthirira ndani?"

"Tsuka, MaMpinga. Wasiya mafuta pakona."

MaMpinga anatsuka pakonapo. Kenako anati Lachinayi loyamba la mwezi wamawa adzalowera pampanda m'mawa. Iwo adzabweretsa mchere, Ndileka abweretse zinazo, ndipo galu uja ayambe kuzolowera moyo watsopano.

Ulusu wa amayi a manyano ukuphikidwabe, ndipo tsopano fungo limamveka maola anayi athunthu mbali zonse za mpanda. Ena amati wasintha pang'ono, ena amati wakoma kuposa kale. Dzina la Ndileka lili pomwe linali.

Ku gawo la thovu khonsolo inaikako mayi wina waulemu, wovala magolovesi ndi kansalu kumphuno. Amayang'ana kabokosi ndi maso, amati zikomo, n'kukaponya m'thumba. Mzere umatha msanga, ngati wa kumayiko a makina kuja. Palibenso amene amadziwa zomwe mnzake wadya. A Dikoni akunenepa popanda mboni. Anthu amatambasulabe kabokosi kali kotsegula, n'kuima kamphindi ngati akudikira kunyozedwa, ndipo akamva zikomo amachoka akuoneka ngati awabera kanthu.

Sisi Ndileka alibenso timabokosi ta Lachisanu, koma mapazi sanauzidwe. Amapitabe, nthawi zina ndi kambale kamodzi ka ku butchala. Lachisanu lina mphepo inanyamula kabokosi patebulo n'kukadumphitsa mpanda. Mzere wonse unatembenuka n'kuima, kudikira phokoso la nsapato ndi mayina aja. Ukonde unali pomwe anaupachika, pawaya, ukugwedezeka wokha. Kabokosi kanagubuduka kulowera ku siteji. Ndiye anthu anaona mlembi wa amayi a manyano, ndi nsapato zake za ku tchalitchi, akutsomphola ukonde n'kuthamanga.

Anakagwira pansi pa minibasi yachitatu. Anabwerera akupuma movutikira, duku ali pakhutu, ndipo asanakapereke anakatsegula ndi zala ziwiri, anatseka maso, n'kukoka mpweya katatu. Mzere unadikira uli zii. Ngakhale mayi wa magolovesi anaima.

Anamva sopo basi. Kabokosiko kanabwera ndi nkhani yake yonse, chakudya, manja ndi wodya, koma woiwerenga kunalibe. Anakaika m'thumba mwaulemu, n'kupachika ukonde pamalo pake.

"Zotsuka bwino," anatero chapansipansi. "Wotsatira."